Ndani Amasankha Nyimbo Zimene Mumamva pa Wailesi?

Amayi, kwa ambiri a inu wailesi ndi mnzanu wa tsiku ndi tsiku. Mukamasesa pabwalo m'mamawa imakhala ili pakhonde, mukamatsuka mbale ili pawindo, ndipo ena mumapita nayo ngakhale kumunda kapena kumsika. Tsono mwina munaonapo kuti pamakhala nyimbo ina imene imakupezani paliponse. Mwaimva pophika phala la ana, mwaimvanso potereka madzi a nsima yamasana, ndipo madzulo pamene mukuyala mphasa, iyo yabweranso. Chonsecho nyimbo ina imene inu mumaikonda ndi mtima wonse patha miyezi osaimva, ngati kuti mbale yake inasweka.

Ambiri timaganiza kuti muulutsi ndiye amasankha, ndipo nyimbo ikatitopetsa timanena iyeyo kuti alibe zina zoika. Kale zinalidi choncho. Koma masiku ano, m'nyumba zambiri zoulutsira mawu pa dziko lapansi, mndandanda wa nyimbo za tsiku lonse umakhala utakonzedwa kale ndi kompyuta muulutsi asanafike n'komwe pa ntchito. Sabata ino tifuna tikufotokozereni mmene ntchito imeneyi imayendera, chifukwa m'kati mwake muli nkhani yokhudza amayi, makamaka ana athu aakazi amene ali ndi luso loimba.

Mmene zinayambira

Kubwerezabwereza nyimbo pa wailesi sikunayambe ndi kompyuta ayi. Kunayamba ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Bambo wina dzina lake Todd Storz, amene ankayendetsa wailesi ya KOWH mumzinda wa Omaha, anazindikira kuti anthu ambiri sakondwera ndi nyimbo zachilendo zambirimbiri, koma amafuna kumvanso zochepa zimene akuzidziwa kale. Anthu amasimba kuti nzeru imeneyi anaitola m'nyumba ina yomwera zakumwa mmene munali jukubokosi, makina aja oimba mbale munthu akaponyamo ndalama. Mbale zinalimo zambiri, koma aliyense wodzukapo ankangosankha zomwezomwezo. Apa mpamene panachokera kaulutsidwe kotchedwa Top 40, kosankha nyimbo zotchuka pafupifupi 40 ndi kumazizunguliza tsiku lonse.

Masiku amenewo ntchito yonse inali yamanja. Nyimbo iliyonse inali ndi khadi lake m'kabokosi. Muulutsi ankatenga khadi lakutsogolo, n'kuika mbale yake, kenaka n'kubwezera khadilo kumbuyo kwa onse kuti lidikire nthawi yake. Koma muulutsi ndi munthu. Akapeza khadi la nyimbo imene sakondwera nayo, ankalidumpha mwakachetechete n'kutenga la nyimbo ya kumtima kwake, ndipo dongosolo lonse linkasokonekera.

M'chaka cha 1956, katswiri wina wa zamakina, Paul Schafer, analumikiza majukubokosi ndi makina oimba matepi pa wailesi ya KGEE ku Bakersfield, m'chigawo cha California, kuti wailesiyo izitha kuimba usiku popanda munthu woikhalira. M'zaka zotsatira, pamapeto pa nyimbo iliyonse ya pa tepi ankajambulirapo kamawu kotsika kwambiri kosamveka bwino kukhutu, ndipo kamawu kameneka ndi kamene kankadzutsa makina achiwiri kuti ayambe. Kenaka mu 1979, Andrew Economos, amene kale ankagwira ntchito ya makompyuta ku kampani youlutsa mawu ya NBC, anayambitsa kampani ya RCS ndi kutulutsa pologalamu ya pakompyuta yotchedwa Selector, yosanja nyimbo m'malo mwa kabokosi ka makadi kaja. Lero pali mapologalamu enanso otere, monga MusicMaster ndi Powergold, ndiponso ena aulere, monga Rivendell ndi RadioDJ, kotero kuti ngakhale wailesi yaing'ono ya kudera ingathe kukhala nawo.

Dziwani kuti ntchito ili pawiri. Yoyamba ndi yolemba mndandanda: nyimbo iti ibwere, pa ola liti, pambuyo pa iti. Yachiwiri ndi youlutsa: kutenga mndandandawo ndi kuimba nyimbozo motsatana, pamodzi ndi malonda ndi zolengeza, popanda kusiya mpata wa zii. Makina ena amachita zonse ziwiri. Ife tilunjika pa yoyambayo, pakuti m'menemo ndi mmene muli mutu wa nkhani.

Nyimbo zimaikidwa m'magulu

Kompyuta simva kukoma kwa nyimbo. Imangodziwa zimene munthu wailembera. Choncho nyimbo ikafika ku wailesi, mkulu woyang'anira nyimbo amalemba dzina lake, dzina la woimba, utali wake, chaka chimene inatuluka, chilankhulo chake, ndiponso ngati ndi yachangu kapena yodekha. Amalembanso masekondi amene zing'wenyeng'wenye zimalira woimba asanayambe, kuti muulutsi adziwe poleka kulankhula. Ndipo nthawi zambiri pamakhalanso malo olembapo ngati woimbayo ndi mwamuna, mkazi kapena gulu. Malo amenewa muwakumbukire, tibwererako.

Akatero amaiika nyimboyo m'gulu lake. Gulu loyamba ndi la nyimbo zimene zili m'kamwa mwa aliyense pa nthawiyo, ndipo limakhala laling'ono kwambiri. Lachiwiri ndi la nyimbo zimene zikukwera kumene kapena zayamba kutsika. Lachitatu ndi la zatsopano zimene akufuna kuti anthu azizolowere. Palinso gulu la nyimbo zimene zinatchuka miyezi yapitayo koma anthu akuzikondabe, ndiponso gulu lalikulu la nyimbo zamakedzana. Gulu lililonse lili ngati mzere wa pachigayo: nyimbo ikaimbidwa imapita kumbuyo, ndipo imayenda pang'onopang'ono mpaka kufikanso kutsogolo.

Chachiwiri chimene mkulu uja amakonza ndi wotchi. Amajambula ola lathunthu ngati chinthu chozungulira, n'kulidula magawomagawo monga mmene mumadulira chikondamoyo. Gawo lililonse amalembapo chimene chiyenera kukhalapo: poyamba nkhani, kenaka nyimbo ya gulu loyamba, yamakedzana, ya gulu lachiwiri, malonda, yatsopano, motero mpaka ola kutha. Onani kuti pa wotchiyo salemba dzina la nyimbo, amalemba gulu lokha. Ola la m'mawa lingakhale ndi wotchi yake, la usiku yakenso, ndipo Lamulungu lingakhale ndi ina. Kompyuta imayenda m'mawotchi amenewa ola ndi ola, ndi kudzaza malo aliwonse ndi nyimbo ya m'gulu loyenera.

Kasamu kochepa

Apa pali kasamu kamene mayi aliyense amene anagawapo ufa wa mwezi angakatsate. Tiyerekeze kuti gulu loyamba lili ndi nyimbo 6, ndipo wotchi imaitana nyimbo imodzi ya gululi pa ola lililonse. Ndiye kuti nyimbo iliyonse izibwera pakatha maola 6. Ikamveka 6 koloko m'mawa, imvekanso 12 koloko masana, 6 koloko madzulo, 12 koloko usiku, ndipo mawa lake 6 koloko m'mawa ili pomwepo. Mayi amene amatsegula wailesi pokoleza moto m'mamawa adzaipeza nyimbo yomweyo tsiku ndi tsiku, pamene zisanu zinazo mwina sadzazimva n'komwe.

Tsono chotsanipo nyimbo imodzi kuti zitsale 5. Nyimbo imene yamveka 6 koloko m'mawa ibweranso 11 koloko, 4 koloko madzulo, 9 koloko usiku, 2 koloko usiku, ndipo mawa lake imveka 7 koloko m'mawa. Yasuntha ndi ola limodzi, ndipo mkuja isunthanso. Chifukwa chake n'chakuti 6 amagawa maola 24 a tsiku popanda chotsala, pamene 5 sagawa choncho. N'chifukwa chake akatswiri a ntchitoyi amawerengera bwino kukula kwa gulu lililonse, kuti nyimbo iziyendera maola onse ndi kufikira omvera osiyanasiyana.

Kasamu komweka kamafotokozanso za nyimbo yanu ija yosowa. Ngati gulu la zamakedzana lili ndi nyimbo 120, ndipo wotchi imaitana ziwiri pa ola, nyimbo iliyonse imadikira maola 60, ndiye kuti masiku awiri ndi theka. Ikafika nthawi yake mwina inu muli mtulo kapena muli kumaliro. Komanso nyimbo zina amazichotsa dala mumzere kuti zipume. Paja amati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika: nyimbo yokoma ikaimbidwa mopitirira muyeso anthu imawakola. Mawailesi akuluakulu amafufuza zimenezi pomvetsa anthu kachigawo kochepa ka nyimbo iliyonse ndi kuwafunsa ngati akuidziwa, ngati akuikonda, ndiponso ngati yawatopetsa.

Malamulo amene kompyuta imatsata

Mzere wokha sukwanira. Nyimbo imene ili kutsogolo kwa mzere iyenera kudutsa kaye m'malamulo amene mkulu uja analemba. Lamulo lina limati woimba mmodzi asamvekenso mpaka patadutsa nthawi yakuti, mwina ola limodzi. Lina limati nyimbo zodekha zisatsatane zitatu, kuopa kuti omvera angayambe kuwodzera. Lina limati nyimbo yaphokoso isamveke m'bandakucha, kapena kuti nyimbo ya mawu osayenera ana imveke usiku wokha. Linanso limati nyimbo imene inamveka dzulo 7 koloko isamvekenso 7 koloko lero.

Ikafika pa malo oti idzaze, kompyuta imatenga nyimbo yakutsogolo n'kuiyesa ndi malamulo onse. Ikalephera, imatenga yachiwiri, kenaka yachitatu, mpaka pa malire amene inauzidwa. Malamulo ena ndi osaphwanyika, ena angaphwanyidwe ngati palibe kuchitira mwina. Zikakanika zonse, makina ena amasiya malowo opanda kanthu kuti munthu adzadzaze yekha. Ntchito imene kale inkatha tsiku lonse imatha m'kanthawi kochepa. Kenaka mkulu wosamala ntchito yake amawerenga mndandandawo mzere ndi mzere, n'kusintha pamene khutu lake lamuuza kuti nyimbo ziwirizi sizikuyenerana.

Mndandandawo ukaphatikizidwa ndi wa malonda, umapita ku makina oulutsa. Pa mawailesi ena muulutsi amajambuliratu mawu ake onse a maola angapo pa nthawi yochepa, ndipo makinawo amawalowetsa pakati pa nyimbo. Choncho mawu amene akukuperekezani pakati pa usiku pamene mukutonthoza mwana, mwina mwini wake ali mtulo kwawo.

Ubwino wa makina amenewa ndi woonekeratu. Saiwala, satopa, ndipo sakondera mnzake wa kumudzi. Koma chachikulu choti musunge ndi ichi: kompyuta ilibe nyimbo ya kumtima. Imangomvera. Lamulo likakhala labwino imalitsata usana ndi usiku, ndipo likakhala lokhota imalitsatanso chimodzimodzi, popanda kufunsa.

Nkhani ya matimati

Tibwerere tsono ku malo aja olembapo ngati woimba ndi mwamuna kapena mkazi. Ambiri a inu mumadziwa nyimbo za country, zija za Dolly Parton, Don Williams ndi Jim Reeves zimene makolo ambiri kuno amazikonda. Ku America kuli mawailesi ochuluka oimba nyimbo zamtunduwu zokhazokha. M'mwezi wa May 2015, mlangizi wina wa mawailesi amenewa, Keith Hill, anauza magazini ya Country Aircheck kuti wailesi yofuna omvera ambiri ichepetse nyimbo za amayi, ndipo isaike nyimbo za amayi awiri motsatana. Anayerekeza nyimbozo ndi saladi, nanena kuti oimba aamuna ndiwo masamba a letesi, pamene aakazi ndi matimati ongowaza pamwamba.

Mawu amenewa anautsa mkwiyo. Oimba otchuka monga Martina McBride ndi Miranda Lambert anatsutsa poyera, ndipo McBride anasindikiza malaya olembedwa za matimati n'kumawagulitsa kuti ndalama zake zithandize ntchito zachifundo. Koma zimene mlangiziyo ananena sizinali zachilendo kwa ogwira ntchito m'mawailesi. Iye anangoulula zimene ambiri ankachita kale. Mu 2019, Jada Watson wa ku University of Ottawa ku Canada anatulutsa zotsatira za kafukufuku wake. Anapeza kuti pa mindandanda ya nyimbo za country zimene zinaimbidwa kwambiri pa wailesi pakutha pa chaka, nyimbo za amayi zinali pafupifupi 33 pa 100 zilizonse m'chaka cha 2000, koma pofika 2018 zinali zitatsika kufika pa 11. Mu January 2020, wailesi ina ya m'chigawo cha Michigan inalemba poyera kuti siloledwa kuika nyimbo za amayi awiri motsatana. Anthu atadandaula kwambiri, kanema wa CMT analonjeza mwezi womwewo kuti theka la nyimbo zimene azionetsa zizikhala za amayi.

Taganizirani mmene lamulo lotere limagwirira ntchito likalowa m'kompyuta. Palibe muulutsi amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero sindiika amayi. Munthu mmodzi amalemba lamulolo kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo, nyimbo ya mayi ikafika kutsogolo kwa mzere pambuyo pa ya mayi mnzake, imadumphidwa. Amuna angatsatane asanu osaletsedwa, koma amayi ayenera kupikisana okhaokha pa malo ochepa. Tsono nyimbo yosamveka kawirikawiri anthu saizolowera. Ofufuza akabwera kudzafunsa, anthu amati sakuidziwa. Wailesi imatenga yankho limenelo ngati umboni wakuti nyimbo za amayi sizikondedwa, n'kuzichepetsanso. Palinso njira ina yobisika: nyimbo ingalembedwe kuti yaimbidwa kambiri, chonsecho inkaikidwa 2 koloko usiku pamene anthu ambiri ali mtulo.

Mayi aliyense amene amaphika akudziwa kuti matimati si chokongoletsera ndiwo. Koma nkhaniyi si yanthabwala, chifukwa ndi nkhani ya chakudya cha pakhomo. Woimba amene samveka pa wailesi saitanidwa kukaimba m'madera, ndipo nyimbo zake sizigulidwa. Komanso mndandanda wa nyimbo zimene zaulutsidwa ndi umene mabungwe oona za umwini wa luso amadalira pogawa ndalama zimene mawailesi amalipira. Kuno ku Malawi ntchito imeneyi imagwiridwa ndi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Nyimbo imene sili pa mndandanda ilibe gawo pa ndalamazo.

Makina omwewo angakwezenso

Musaganize kuti vuto ndi kompyuta. Mpeni umene ungavulaze ndi womwewo umasenda mbatata. Dziko la Canada limalamula mawailesi ambiri oimba nyimbo zotchuka kuti nyimbo 35 pa 100 zilizonse zikhale za m'dzikomo. Ku France, lamulo la mu 1994 linakhazikitsa kuti pa mawailesi ambiri nyimbo 40 pa 100 zilizonse zikhale za m'Chifalansa. Ataona kuti mawailesi ena akukwaniritsa chiwerengerocho pongobwereza nyimbo zochepa zomwezomwezo, mu 2016 analikonzanso lamulolo kuti oimba ambiri apeze mpata. Mawailesi amadalira mapologalamu omwe aja a pakompyuta kuti asaphonye ziwerengero zimenezi. Makina amene angathe kuwerenga amayi pofuna kuwachepetsa angathenso kuwawerenga pofuna kuti asasowe. Zonse zimatengera munthu amene wakhala pa mpando wolemba malamulo.

Zimene mungachite

Nkhani ya matimati inachitikira kutali, koma mapologalamu a pakompyuta amenewa amagwiritsidwa ntchito pa dziko lonse. Choncho ndi bwino kuti aliyense atchere khutu ku wailesi ya kwawo. Sabata ino sankhani ola limodzi, mwina pamene mukusita zovala kapena kutong'ola chimanga. Ikani pensulo ndi kapepala pafupi. Nyimbo iliyonse ikatha lembani ngati waimba ndi mwamuna, mkazi kapena gulu, ndiponso ngati ndi yakuno kapena yakunja. Chitani chimodzimodzi masiku atatu, pa maola osiyana, ndipo pemphani anzanu a m'gulu lanu la amayi kuti nawonso achite. Mukasonkhanitsa mapepalawo mudzakhala ndi chithunzi chimene munthu sangachitsutse ndi pakamwa pokha.

Mukapeza kuti zinthu zili bwino, lembani kalata yoyamikira, pakuti woyamikiridwa amalimbikira. Mukapeza kuti mawu a amayi ndi osowa, lembaninso mwaulemu, koma kalatayo ipite kwa mkulu woyang'anira mapologalamu kapena nyimbo, osati kwa muulutsi yekha, chifukwa mwina iye sangasinthe kanthu. Mufunse kuti nyimbo zimasankhidwa motani, ndipo ndani amazisanja m'magulu. Ngati ndi wailesi ya kudera kwanu imene ili ndi komiti, funsoli mukalipereke pa msonkhano. Musanyozerenso mapologalamu a zopempha omvera, monga Zokonda Amayi ya pa MBC. Pa nthawi ngati imeneyo mawu a womvera amamveka mwachindunji, ndipo nyimbo imene anthu akuipempha kawirikawiri akuluakulu a wailesi amaizindikira.

Ngati muli ndi mwana wamkazi woimba, kaya payekha kaya m'kwaya, muuzeni kuti mawu okoma okha sakwanira. Nyimbo yake ijambulidwe momveka bwino. Poitumiza ku wailesi alembe bwinobwino dzina lake, dzina la nyimbo, amene anaipeka ndi chaka chake, ndipo dzina lakelo azililemba mofanana nthawi zonse, chifukwa kompyuta ikaona maina awiri osiyana pang'ono imayesa kuti ndi anthu awiri. Akalembetsenso nyimbo zake ku bungwe loona za umwini wa luso kuti thukuta lake lisapite pachabe.

Ndipo ngati mwana wanuyo amakonda wailesi komanso masamu, musamuuze za uulutsi wokha. Kuseri kwa muulutsi kuli mpando wina wosaoneka, wa munthu amene amasanja magulu, kujambula mawotchi ndi kulemba malamulo. Ntchito imeneyo mtsikana angaiphunzire ndi kuigwira bwino lomwe, ndipo amayi akachuluka pa mipando yotere, lamulo longa la matimati lija silingalembedwe popanda wina wofunsa chifukwa chake.

Tsono amayi, mawa m'mamawa nyimbo ija ikakupezaninso pamoto, musamunene muulutsi. Kumbukirani kuti pali gulu limene inaikidwamo, pali wotchi imene yaiitana, ndipo pali munthu amene anakonza zonsezo. Munthu ameneyo angathe kumva ngati omvera atalankhula. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.